Makanema akale a pa intaneti omwe sakutsegukanso: vuto lili pati, ndipo amawasintha bwanji?

Amene adagwirapo ntchito ku wayilesi, ku yunivesite kapena m'chipinda chosungira zakale za bungwe lililonse amawadziwa mafayilo amenewa. Amapezeka pa ma CD akale kapena pa hard drive yomwe yakhala m'kabati zaka makumi awiri, mayina awo akuthera ndi .rm, .ram, .wmv, .asf kapena .flv. Mukawadina, foni imakana, ndipo browser imangowatsitsa koma osawaonetsa. Ambiri amafulumira kunena kuti fayilo yaonongeka. Kawirikawiri sizikhala choncho. Fayiloyo imakhala ili bwinobwino monga idalembedwera tsiku loyamba. Chomwe chidasowa ndi pulogalamu yomwe inkadziwa kuiwerenga.

Nkhaniyi idamveka kwambiri pomwe kampani ya Adobe idasiya kusamalira Flash Player pa 31 Disembala 2020, kenako pa 12 Januwale 2021 pulogalamuyo idayamba kukana yokha kuonetsa chilichonse. Flash ikunenedwa panoyi ndi pulogalamu ya makanema, osati kachipangizo kosungira mafayilo kaja timabaya pa kompyuta. Koma Flash sidali yoyamba kuchoka. RealPlayer, Windows Media ndi QuickTime zidatsogola kale kuzimiririka m'ma browser, ndipo chilichonse chidasiya m'mbuyo makanema ochuluka: maphunziro a m'mayunivesite, misonkhano, maulaliki, nkhani za pa wayilesi.

Kuonera kanema akubwera

Streaming ndi kuonera kanema kapena kumvera mawu pomwe fayilo ikadali panjira, osadikira kuti yonse ifike. Lero palibe amene amadabwa nazo, koma chapakati pa zaka za m'ma 1990 zidali zachilendo. Rob Glaser, yemwe adagwirapo ntchito ku Microsoft, adayambitsa kampani ya Progressive Networks ku Seattle mu 1994, ndipo mu 1995 idatulutsa RealAudio. Pa 5 Seputembala chaka chomwecho idaulutsa pa intaneti mawu a masewero a baseball pakati pa Seattle Mariners ndi New York Yankees. RealVideo idabwera mu 1997, chaka chomwe kampaniyo idasintha dzina kukhala RealNetworks.

Kuti timvetse chifukwa chake makanema a nthawi imeneyo amaoneka momwe amaonekera, tiyenera kuyang'ana njira yomwe ankadzera. Anthu ankalowa pa intaneti kudzera pa lamya ya pansi, ndi modemu yonyamula ma kilobit 28.8 kapena 56 pa sekondi. Kanema wokonzera modemu ya 56 ankapatsidwa ma kilobit pafupifupi 34 pa sekondi, zithunzi ndi mawu pamodzi. Ndiye kuti ola lathunthu linkakwana mu ma megabyte pafupifupi 15. Chithunzi chake chinkatha kukhala cha ma pixel (timadontho topanga chithunzi) 176 m'lifupi ndi 144 m'litali, pomwe kanema wa Full HD wa pa foni ya lero ali ndi ma pixel ochuluka kuposa pamenepo ka 80. Ngakhale kachithunzi kakang'ono choteroko, kuti kakwane m'njira yopapatizayo kankayenera kufinyidwa kuposa ka 250.

Kufinya kotere kumachitika potaya zinthu. Pulogalamu imayang'ana zomwe diso silingazindikire msanga, monga tsitsi, udzu, makwinya a nsalu, n'kuzichotsa. Zomwe zidatayidwa mu 1999 sizili paliponse m'fayilomo. Mfundo imeneyi ndiyo yalamulira china chilichonse chomwe chikubwera m'munsimu.

Envulopu ndi chilankhulo cha kalata

Fayilo ya kanema ili ndi zinthu ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. Choyamba ndi container, chomwe chimasunga zithunzi, mawu ndi nthawi yake kuti ziyendere limodzi. Chachiwiri ndi codec, yomwe ndi njira yofinyira ndi kufunyulula zithunzi kapena mawuwo. Tiyerekeze ndi kalata: container ndi envulopu, codec ndi chilankhulo chomwe kalatayo yalembedwa. Mutha kutsegula envulopu bwinobwino koma osamva zomwe zalembedwa. Muthanso kudziwa chilankhulocho koma envulopu n'kukukanikani.

Zilembo za kumapeto kwa dzina la fayilo zimangonena za envulopu. Fayilo ya .rm kapena .rmvb ndi ya RealMedia, ndipo m'kati mwake mutha kukhala codec ya RV10, RV20, RV30 kapena RV40, malinga ndi chaka, pamodzi ndi mawu ofinyidwa ndi codec yotchedwa Cook. Mafayilo a .wmv ndi .asf onse ndi envulopu imodzi ya Microsoft yotchedwa ASF. Nayo .flv ndi envulopu ya Flash, ndipo iyi ndiyo imasocheretsa anthu kwambiri chifukwa zam'kati mwake zidasintha kangapo. Flash idayamba kuonetsa makanema mu 2002 ndi codec ya Sorenson Spark. Mu 2005, chaka chomwe YouTube idayamba komanso Adobe idagula Macromedia, eni ake a Flash, kudabwera VP6 ya kampani ya On2. Kumapeto kwa 2007 Flash idayamba kulandira H.264, yomwe ndi codec yomweyo yomwe mafoni akugwiritsa ntchito lero. Motero mafayilo awiri a .flv atha kuoneka ofanana kunja, koma ina n'kukhala yofuna ntchito yaikulu, inayo n'kukhala yongofuna envulopu yatsopano.

Chifukwa chake kungosintha dzina la fayilo, kufufuta .flv n'kulembapo .mp4, sikuthandiza. Zam'kati zimakhala zomwe zija.

Fayilo yomwe mulibe kanema

Pali mafayilo ena omwe palibe pulogalamu ingawasinthe, ndipo ndi bwino kuwazindikira msanga. Yang'anani kukula kwake. Ngati fayilo ya .ram kapena .asx ndi yosakwana kilobyte imodzi, mulibe kanema. Itseguleni ndi Notepad, mupezamo mzere umodzi kapena ingapo, woyamba ndi rtsp://, pnm:// kapena mms://, wotsatiridwa ndi dzina la seva (kompyuta yosunga kanemayo pa intaneti) ndi dzina la kanemayo. Imeneyo ndi adiresi chabe.

Makampani adakonza zinthu motere mwadala. Munthu akadina pa tsamba, browser inkatsitsa kafayilo kakang'onoko n'kukapereka kwa RealPlayer kapena Windows Media Player, ndipo pulogalamuyo inkapita yokha ku seva kukatenga kanemayo pang'onopang'ono, osamusunga pa kompyuta ya woonerayo. Njira ya RTSP, yomwe RealNetworks idakonza pamodzi ndi Netscape ndi Columbia University, idavomerezedwa mu 1998. Zotsatira zake n'zakuti ntchito zosunga masamba akale a pa intaneti zidatola tiadiresi tambirimbiri, koma makanema enieniwo adatsalira m'maseva omwe pambuyo pake adazimitsidwa. Amene ali ndi .ram yokha afunika kufunafuna fayilo yeniyeni kwa eni ake a sevayo, kapena tepi yomwe kanemayo adachokera.

Chifukwa chake ma browser adawasiya

Ma browser oyamba sankadziwa kuonetsa kanema paokha. Ankadalira plug-in, pulogalamu ya kampani ina yomwe inkalowetsedwa m'kati mwa browser. Ma plug-in amenewa adasanduka khomo lolowera ma virus, ankamaliza batire, ndipo pa mafoni sankayenda bwino. Mu Epulo 2010 Steve Jobs, yemwe adali mkulu wa Apple, adalemba poyera kuti iPhone ndi iPad sizidzalandira Flash, ndipo Adobe idatsutsa zifukwa zake, ponena kuti nkhani yeniyeni idali ya malonda. Mbali iliyonse idali ndi oiikira kumbuyo. Komabe njira ina idali itayamba kale: HTML5, njira yatsopano yolembera masamba a pa intaneti yomwe bungwe loika malamulo a masambawa la W3C lidavomereza mu Okutobala 2014, idalola browser kuonetsa kanema yokha popanda thandizo. YouTube idasamukira kumeneko mu Januwale 2015. Chrome idatseka khomo la ma plug-in akale chaka chomwecho, Firefox idatsatira mu 2017, ndipo mu Julayi 2017 Adobe idalengeza tsiku lomaliza la Flash.

Kusamutsa ndi kulembanso

Tsopano tafika pa ntchito yeniyeni. Pali njira ziwiri, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu.

Yoyamba, yomwe akatswiri amaitcha remux, ndi kuchotsa zithunzi ndi mawu mu container yakale n'kuziika mu yatsopano osazikhudza. Palibe chomwe chimatayika, ndipo kanema wa ola lathunthu amatha m'masekondi ochepa. Izi zimatheka pokhapokha ngati codec yam'kati ndi yomwe ma browser a lero akuidziwa, mwachitsanzo fayilo ya .flv yokhala ndi H.264 ndi mawu ofinyidwa ndi codec ya AAC.

Yachiwiri, transcode, ndi kufunyulula kanema yense n'kumufinyanso ndi codec ina. Mafayilo a RealVideo, a Windows Media ndi a Flash yakale ya Sorenson kapena VP6 onse amafuna njira imeneyi. Pano pali kutaya kwachiwiri pamwamba pa kutaya kwa 1999 kuja. Kutha kukhala kochepa kwambiri koti diso silingaone, koma kumakhalapo, ndipo kumachuluka kanema akamasinthidwa mobwerezabwereza.

Ndiye ntchito yoyamba ndi kudziwa zam'kati. Mapulogalamu aulere monga MediaInfo kapena ffprobe amaonetsa zimenezi. Mukapatsa ffprobe fayilo ya RealMedia, imalemba mizere ingapo, ndipo penapake muona mawu ngati Video: rv40 ndi Audio: cook, limodzi ndi kukula kwa chithunzi ndi ma kilobit ake. Mizere iwiri yokhayo ikuuzani njira yoti mutenge.

Pulogalamu yomwe yanyamula ntchito yambiri pa nkhaniyi ndi FFmpeg, yomwe Fabrice Bellard wa ku France adayambitsa mu 2000 ndipo ikusamalidwa ndi anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana. Ma codec ena a RealNetworks adali achinsinsi, ndipo anthuwa adachita kuwafufuza okha mpaka kumvetsa momwe amagwirira ntchito. VLC, HandBrake ndi masamba ambiri a pa intaneti olonjeza kusintha makanema amadalira ntchito yomweyi kumbuyo kwake. N'zoyenera kuzinena poyera: makanema ochuluka a zaka zimenezo akutsegukabe lero chifukwa cha anthu amene adagwira ntchitoyi mwa kufuna kwawo.

Mu FFmpeg, kusamutsa kokha (remux) kumalembedwa motere:

ffmpeg -i wakale.flv -c copy -movflags +faststart watsopano.mp4

Mawu oti -c copy ndiwo akuuza pulogalamuyo kuti isakhudze zam'kati. Kufinyanso kumalembedwa chonchi:

ffmpeg -i wakale.rm -c:v libx264 -crf 18 -pix_fmt yuv420p -c:a aac -movflags +faststart watsopano.mp4

Nambala ya crf imalamula kuchuluka kwa zotayidwa. Imayambira pa 0 kufika pa 51, ndipo ikachepa chithunzi chimasungika bwino koma fayilo imakula. Mukapanda kuitchula, pulogalamuyo imatenga 23. Pa kanema wakale yemwe adafinyidwa kale kwambiri, ambiri amasankha nambala yocheperapo monga 18 kuti asaonjezere chilema pa chilema. Mawu oti faststart ali ndi ntchito yawo: fayilo ya MP4 imakhala ndi ndandanda yosonyeza pomwe chithunzi chilichonse chili, ndipo ndandandayo imalembedwa kumapeto. Ikasamutsidwira kumayambiriro, kanema amayamba kuoneka fayilo isanafike yonse, zomwe zimathandiza kwambiri pomwe netiweki ili yofooka.

Anthu amadabwa akaona kuti fayilo yatsopano yakula kuposa yakale koma chithunzi sichinasinthe. Palibe cholakwika. Codec yatsopano ikuyesetsa kusunga mokhulupirika chilichonse chomwe yapeza, kuphatikizapo timabokosi ndi chifunga chomwe codec yakale idasiya.

Pali misampha ingapo yomwe imagwira ngakhale anthu ozolowera. RealVideo inkachepetsa chiwerengero cha zithunzi pa sekondi pomwe kanema wavuta kufinya, ndiye posintha mawu amatha kusiyana ndi milomo, makamaka chakumapeto kwa kanema wautali. Chifukwa chake osangoona mphindi yoyamba yokha. Dumphani mukaone pakati ndi kumapeto. Mafayilo ena a RealMedia, opangidwa ndi njira yotchedwa SureStream, ali ndi makope angapo a kanema yemweyo, lina la modemu yochedwa, lina la intaneti yothamanga, ndipo wosintha ayenera kuonetsetsa kuti watenga labwino koposa. H.264 yomwe ma browser amalandira imafuna kuti m'lifupi ndi m'litali mwa chithunzi zikhale nambala zogawika ndi 2, apo ayi pulogalamu imakana. Makanema akale ambiri ndi a muyeso wa 4:3, ndipo kuwakoka kuti adzaze sikirini ya 16:9 kumanenepetsa nkhope za anthu. Komanso m'mutu mwa fayilo ya RealMedia mumakhala dzina la kanema, wopanga ndi mwini wake. Nthawi zina amenewo ndiwo umboni wokhawo wotsala wa komwe kanemayo adachokera, ndiye ndi bwino kuwalemba penapake musanayambe.

Mtundu wamakono ndi uti?

Palibe yankho limodzi. MP4 yokhala ndi H.264 ndi AAC ndiyo imatseguka pafupifupi paliponse, kuyambira pa foni yotsika mtengo kufika pa TV. MP4 idachokera ku fayilo ya QuickTime ya Apple, ndipo H.264 idavomerezedwa mu 2003. Vuto lomwe ena amaona ndi la ma patent, umwini wa luso womwe umachititsa kuti opanga zipangizo ndi mapulogalamu azilipira. Bungwe lomwe linkatolera ndalamazo nthawi imeneyo, MPEG LA, lidalengeza mu 2010 kuti makanema oonetsedwa mwaulere pa intaneti sadzalipiritsidwa, koma ofuna intaneti yopanda ziphaso zotere sadakhutire.

Google idagula On2, kampani ija idapanga VP6, ndipo mu Meyi 2010 idatulutsa WebM ndi codec ya VP8 kuti aliyense agwiritse ntchito osalipira. VP9 idatsatira mu 2013. Mu 2015 makampani monga Google, Mozilla, Microsoft, Netflix, Amazon, Intel ndi Cisco adapanga Alliance for Open Media, yomwe idatulutsa AV1 mu 2018. AV1 imafinya bwino kuposa H.264, zomwe zikutanthauza bandulo yocheperapo kwa woonera, koma imatenga nthawi kupanga ndipo mafoni akale amavutika nayo. Oikira kumbuyo H.264 amati chofunika n'chakuti kanema atseguke kwa aliyense lero. Oikira kumbuyo AV1 amati chofunika ndi kusadalira ziphaso za makampani mawa. Pa kanema wakale wa ma pixel 176 ndi 144, kusiyana kwa kukula kwa fayilo n'kochepa, ndiye ambiri amangotenga MP4. HTML5 imalolanso kuika mitundu iwiri pa tsamba limodzi kuti browser isankhe yokha.

Masamba akuluakulu amapitirira apo. Amadula kanema m'tizidutswa ta masekondi ochepa, pa milingo yosiyanasiyana, kudzera m'njira za HLS, yomwe Apple idatulutsa mu 2009, kapena MPEG-DASH. Ndi ganizo lomwe lija la SureStream, kungoti tsopano likuyenda pa seva wamba.

Kope loonera ndi kope losunga

Pa mfundo imodzi osunga zakale amagwirizana, ndipo ndi yofunika kuigwiritsa: fayilo yoyambirira siifufutidwa. MP4 yatsopano ndi kope loti anthu aonere. Yakale ija, ngakhale ikuoneka yopanda ntchito, ndiyo ili pafupi kwambiri ndi chomwe chidajambulidwa, ndipo mtundu wina ukadzabwera kusintha kudzayenera kuyambira pa iyo, osati pa MP4. Ndi yaing'ono, siidya malo. Ngati tepi yomwe kanemayo adachokera, kaya ndi VHS, Betacam kapena MiniDV, ikadalipo ndipo ikuyenda, imeneyo ndiyo yoyenera kuthamangira, chifukwa ili ndi zonse zomwe modemu idakakamiza kutaya.

Kuika kanema pa YouTube kapena Facebook, kapena kumutumiza pa WhatsApp ngati kanema wamba, si kusunga. Malo onsewa amamufinyanso.

Nyumba zina zosungira zakale zimapanganso kope lachitatu ndi codec ya FFV1, yomwe siitaya kalikonse ndipo malamulo ake adasindikizidwa poyera ndi bungwe loona za luso la intaneti la IETF mu 2021, n'kuliika mu container ya Matroska. Pa tepi, nzeru yake ndi yoonekeratu. Pa fayilo ya RealVideo, akatswiri amasiyana maganizo. Ena amati kopeli limateteza kanema tsiku lomwe mapulogalamu owerenga RV30 adzasowe. Ena amati kusandutsa ma megabyte 15 kukhala mazanamazana popanda kuonjezera kanthu n'kuononga malo, makamaka poti FFmpeg ndi yotseguka ndipo aliyense atha kuisunga.

Mafunso omwe sanayankhidwe

Loyamba ndi la mafayilo okhomedwa. Makanema ena a Windows Media ndi RealMedia adagulitsidwa ndi loko wotchedwa DRM, wofuna kiyi wochokera ku seva ya wogulitsa. Seva ikazima, kiyi sapezekanso. Izi zidaoneka pa nyimbo mu 2008, pomwe Microsoft idalengeza kuti itseka maseva a makiyi a MSN Music, ndipo ogula atadandaula idatalikitsa nthawi mpaka 2011. Ku America, lamulo la DMCA la 1998 limaletsa kuthyola loko wotere, ngakhale zaka zitatu zilizonse kumaunikidwa omwe angapatsidwe chilolezo chapadera. Kodi nyumba yosungira zakale iyenera kuloledwa kuthyola loko wa kanema yemwe mwini wake sakupezekanso? Eni makanema amaopa kuti khomo likatseguka pang'ono lidzatseguka lonse. Osunga zakale amaona zinthu zikutayika akudikira.

Lachiwiri ndi la zinthu zomwe sizinali kanema chabe. Maphunziro ambiri a m'mayunivesite ankaikidwa ndi fayilo ya SMIL, yomwe inkauza RealPlayer kuti ionetse mphunzitsi mbali imodzi ndi zolemba zake mbali inayo, zikusinthika pa nthawi yake. Mafayilo a .swf a Flash adali ndi mabatani ndi masewero. Kuzisandutsa MP4 kumasunga chithunzi koma kumachotsa mwayi wodina ndi kusankha. Njira ina ndi kupanga pulogalamu yatsopano yotsanzira yakale, monga Ruffle, yomwe bungwe losunga zakale za pa intaneti la Internet Archive lidayamba kugwiritsa ntchito mu Novembala 2020. Koma Ruffle sinafike potsegula chilichonse cha Flash, ndipo nayo ifuna anthu oisamalira zaka zikubwerazi. Kusintha fayilo kapena kutsanzira pulogalamu, chokhalitsa n'chiti?

Lachitatu ndi la mapulogalamu a AI omwe amakulitsa ndi kuyeretsa makanema akale. Zotuluka zake zimakopa maso, ndipo kwa banja lomwe likufuna kuona bwino nkhope ya agogo, phindu lake ndi lomveka. Koma popeza zomwe zidatayidwa mulibe m'fayilo, pulogalamuyo imachita kulingalira momwe diso kapena chilembo chikadaonekera. Pa kanema wa msonkhano wa ndale kapena umboni wa m'khoti, kodi kope lotere lingatchedwe kanema yemweyo? Ndipo ngati laikidwa pa intaneti, woonera auzidwe motani kuti zina mwa zomwe akuona sizidajambulidwe?

Lomaliza likukhudza MP4 yomweyo. H.264 yadutsa zaka 20, malamulo ake ndi osindikizidwa poyera, ndipo ili m'zipangizo zosawerengeka, zomwe RealVideo idalibe. Ena amati chifukwa cha ichi siidzasowa owerenga. Ena amakumbutsa kuti Flash nayo idali pafupifupi pa kompyuta iliyonse. AV1 yomwe ikuyembekezeka kulowa m'malo mwake ili ndi mkangano wake, poti kampani ya Sisvel imati pali ma patent omwe ogwiritsa ntchito AV1 ayenera kulipira, pomwe Alliance for Open Media imati ndi yaulere. Funso la amene adzalipire ntchito yosinthanso makanema onsewa ulendo wotsatira, makamaka m'mabungwe ang'onoang'ono omwe alibe munthu wa ntchito imeneyi, silinapeze mwini wake.